TAFUNSANI MALUME: Tikukwera sitima kukutentha chonchi, mchikwama tiikemo chani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani imodzi, nyanja. Sindikudabwa, Okutobala wafika, mtauni usiku sitikugona ndi thukuta, ndiye pa 15 pali Mothers' Day aliyense akufuna akawasambitse amayi ake kunyanja. Ena mwalemba pa WhatsApp ena pa Facebook, ndasankhapo ochepa, enanu mafunso anu akufanana ndi awa ndiye mudzipeza momwemo.

FUNSO: Malume, chaka chino ndaganiza zowatenga amayi anga ku Likoma pa sitima ya Ilala, akhala akunena kuyambira kalekale kuti akufuna akaone tchalitchi cha St Peter's maso asanafooke. Tikakwerera ku Nkhata Bay. Ndagula kale sutikesi yaikulu ya matayala yoti tonse awiri tiikemo katundu. China chofunika ndi chani? Mayi wa ana atatu, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, choyamba Mulungu akudalitseni, anzanu amangowatumizira amayi awo chitenje pa minibasi basi nkhani yatha. Koma sutikesiyo isiyeni pakhomo, mudzapita nayo kwina. Ilala si basi yoti imaima pa depoti inu nkungoponda sitepe nkukhala pampando. Malo ambiri omwe imaima, monga Nkhotakota, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, sitima imaponya nangula patali ndithu ndi gombe, anthu amatengedwa pa maboti ang'onoang'ono, ndipo botilo nalo silifika pa mchenga penipeni, mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo mwina mchiuno kukakhala mafunde, katundu ali pamutu, kwinaku matumba a ufa, a usipa, makreti a zakumwa, njinga, malata, zonse zikutsika nthawi yomweyo, ndipo nthawi zambiri izi zimachitika mdima uli bii. Ngakhale pomwe pali jeti khamu lake ndi lomwelo, masitepe a msitima ndi opapatiza, munthu amadutsa chammbali. Matayala pa mchenga sayenda. Ndiye muyeso wanga ndi uwu, chikwama chomwe simungachikweze pamutu ndi dzanja limodzi uku dzanja lina mwagwira amayi, chimenecho chalemera, chotsanimo zinthu.

Tengani zikwama ziwiri zoberekera kumbuyo, zofewa, ngati za ana asukulu koma zolimba zipi. Musanaikemo kanthu yambani mwayala pepala la pulasitiki lokhuthala mkati, osati majumbo opyapyala aja amang'ambika ndi chikhadabo, kenako zovala muzimange m'magulu, ndipo zovala za tsiku limodzi zathunthu, kuyambira zamkati, zikhale mu pulasitiki yakeyake yomanga bwino yomwe simuitsegula mpaka mutafika. Zina zonse zikanyowa zimenezo ndi zomwe zikupulumutseni. Foni, ndalama, chiphaso cha unzika ndi matikiti zisakhale mchikwama chachikulu, zikhale mkachikwama ka mchiuno kapena ka mkhosi, nazonso mu pulasitiki.

Zovala zake za thonje, zopepuka, zowala mtundu, zosathina. Za nayiloni zonyezimira zija timatola pa kaunjika zimamata pathupi ngati phula dzuwa likafika pamutu. Jinzi isiyeni, ikanyowa imalemera ngati thumba la simenti ndipo simauma msanga, imakupalani mntchafu ulendo wonse. Zitenje tengani zitatu munthu aliyense ndipo musandifunse chifukwa, china mufunda, china muyala, china mupukutira, mukhoza kumanga mthunzi pa zitsulo za padeki, kutchingira amayi akamasintha, kupinda nkukhala pilo, ndipo mukafika ku St Peter's muvala chomwecho polowa, ndi nyumba ya Mulungu ija si malo ongojambulitsa.

Tsopano ichi anthu amandiseka nacho, tengani juzi. Ee juzi, mu Okutobala. Ulendo wanga woyamba ndinakwera mu Novembala ndi malaya amodzi a manja aafupi ndikuti kunja kukuotcha chonchi juzi ya chani, masana ndinapsa bwinobwino, koma itakwana cha m'ma 3 koloko mbandakucha sitima ili pakati pa nyanja mphepo inayamba kulowa mpaka m'mafupa, ndinakabisala kuseri kwa matumba mano akuombana, mpaka agogo ena a ku Chizumulu anandimvera chisoni nkundiponyera chitenje chawo chonunkha utsi wa nsomba, sindinafundepo chinthu chokoma ngati chimenecho. Amayi anu atengereni juzi, mpango wa kumutu ndi sokosi.

Kumapazi, patapata amavuka m'madzi nkuyandama kupita kwawo inu mukuyang'ana. Pezani masandasi a lamba kumbuyo, a labala pansi, oti anyowe osadandaula. Deki ndi yachitsulo, masana imaotcha mapazi, ikanyowa imaterera. Nsapato za gogoda ayi ndithu.

Ngati amayi amamwa mankhwala a BP kapena a shuga tengani a masiku owonjezera osachepera sabata, chifukwa Ilala imazungulira kamodzi pa sabata ndipo nthawi yake imayendera katundu ndi mphepo, mukaiphonya kapena nyanja ikakwiya mukhala pachilumba masiku ena. Magalasi awo amangireni kachingwe. Tochi yaing'ono. Tishu, sopo, kabotolo ka sanitaiza. Ngati thumba likulola sungitsani kabini msanga, ngati ayi deki ya pamwamba ili ndi mpweya wabwino kusiyana ndi pansi pomwe pamadzaza anthu ndi katundu komanso kutentha kwa injini, ndipo funsani tsiku ndi nthawi yonyamukira kwa eni sitima sabata yomweyo, osadalira zomwe munaona pa intaneti chaka chatha.

Ndipo muwauze amayi kuti akukwera ntchembere inzawo. Ilala anaipanga ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, anailumikiza ku Monkey Bay nkuyamba kuyenda mu 1951. Dzinalo ndi la dera la Ilala ku Zambia komwe David Livingstone anafera mu 1873. Tchalitchi chomwe akufuna kukaonacho anayamba kuchimanga mu 1903, ndiye onse atatu akakumana akakamba zakale.

FUNSO: Malume ine ndi wakuda ngati makala, madam akuti tigule sunscreen, ine ndati zimenezo ndi za azungu ndalama yake bola tigule Carlsberg. Ndani akunena zoona? Mnyamata wa ku Ndirande.

YANKHO: Mphwanga, mlamu akunena zoona, ndipo upepese. Khungu lakuda limachedwa kupsa, izo nzoona, koma limapsa. Panyanja dzuwa limakumenya kawiri, lochokera kumwamba ndi lina lobwerera kuchokera pamadzi, ndiye kamphepo kaja kamakunamiza kuti sikukutentha, umadzazindikira madzulo posamba mphuno ikuwawa, milomo yasweka, pamwamba pa mapazi patupa, patatha masiku atatu mapewa akusupuka ngati njoka. Amene muli ndi dazi musayerekeze kukhala opanda chipewa. Gula sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, yolembedwa SPF 30 kupita mtsogolo, dzola musananyamuke, bwereza pakatha maola awiri aliwonse komanso ukangotuluka m'madzi. Vaselini ndi glisalini si sunscreen, zimangokukazinga. Ngati ndalama yavutadi, malaya a manja aatali opepuka ndi chipewa cha mlaza chachikulu chija amagulitsa mmbali mwa msewu wa ku Salima zimagwira ntchito kuposa kapu ya timu yako, koma uchimangire chingwe cha pachibwano apo ayi mphepo ichitenga mphindi zisanu zisanathe. Magalasi a dzuwa nawo, kunyezimira kwa madzi kumabweretsa mutu.

Magulu awiri a anthu achenjere kwambiri, amene akumwa mankhwala a doxycycline ndi amene amadzola mafuta oyeretsa khungu aja, sinditchula maina tikudziwana, khungu lawo limapsa msanga kwambiri.

Za Carlsberg, sindikukuletsa, pa deki ya pamwamba pali bala. Koma mowa umachotsa madzi mthupi, ndiye pa botolo lililonse tsatizapo madzi. Munthu wamkulu tsiku lotentha panyanja malita atatu si ambiri. Tenga chigubu cha malita 5, WaterGuard wothira m'madzi omwe ukatunge kutsogolo, ndi timapaketi tiwiri ta Thanzi ORS. Mkodzo ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka dziwa kuti wauma, siya botolo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 7 ndi wachialubino, a Sunday school akupita ku Monkey Bay ndipo akakwera boti. Ndimulole? Ndimuveke chani? Mayi wa ku Liwonde.

YANKHO: Muloleni Mayi, asatsale anzake akupita, koma inu kapena munthu wamkulu amene mumamukhulupirira apite naye ndipo asamusiye yekha. Kwa iye za dzuwa si nkhani ya kusupuka chabe, kupsa kobwerezabwereza ndi komwe kumadzabweretsa khansa ya pakhungu akadzakula. Sunscreen ya SPF 50, mumudzoze yokwanira osati kungopaka pang'ono ngati mafuta odula, osaiwala makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo, manja ndi mapazi, ndipo botolo alitenge woyang'anirayo azibwereza maola awiri aliwonse. Pitani ku chipatala cha boma sabata isanafike mukafunse mafutawa, amaperekedwa kwa anthu achialubino ngakhale nthawi zina amatha, a APAM, bungwe la anthu achialubino, akhozanso kukulozerani kopeza. Avale malaya a manja aatali a nsalu yoti mukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala sikudutsa, buluku lalitali, chipewa cha khonde lalikulu, magalasi a dzuwa. Posambira asavule malaya. Ndipo mufunse ngati botilo lili ndi denga, ngati lilibe apemphe kuti ulendo wa pamadzi ukhale mmawa kapena dzuwa litapendeka, osati pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko.

FUNSO: Sindinakwerepo chilichonse choyenda pamadzi, ngakhale pa minibasi ya ku Golomoti ndimasanza. Ndikupita ku Chilumba kuchokera ku Monkey Bay. Ndipulumuka? Nanga kamba ndinyamule wanji? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, mwasankha ulendo wonse wathunthu, mugona msitima mausiku awiri, koma mwasankha nyengo yabwinoko. Mphepo yoopsa kwambiri panyanja yathu ndi mwera, wochokera kummwera, umalimba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi imeneyo ngakhale asodzi enieni amakokera mabwato kumtunda. Okutobala nthawi zambiri nyanja imagona, ngakhale mvula ikamayandikira mpoto umatha kudzuka mwadzidzidzi. Ngati makhotakhota a ku Golomoti amakugwetsani pitani ku famase mukanene kuti mukufuna mapiritsi a nseru ya paulendo, akuuzani oyenera, koma zinthu ziwiri ndikuuzeni ine, amamwedwa musanakwere osati mutayamba kale kusanza, ndipo ambiri amagonetsa ndiye osaphatikiza ndi mowa. Msitima khalani chapakati pomwe sipagwedezeka kwambiri, pamalo opita mphepo, maso patali pomwe madzi akumana ndi thambo kapena pa mapiri. Foni ndi mabuku olemba ana ikani pansi, kuwerenga ndi komwe kumayambitsa. Jinja wotafuna kapena ndimu zimathandiza ena. Zikavuta ndithu, onani kaye komwe mphepo ikupita musanaweramire kunja, ndinaonapo bambo wina wa tayi atazibweza zonse pa malaya ake ndi a mnzake.

Musakwere ndi njala koma musakhutenso chiwaya cha mafuta. Msitima amagulitsa chakudya, nsima, mpunga, nyemba, nsomba, ndiye simufa. Chonyamula chikhale chosaola, mtedza wokazinga, mabisiketi, buledi, mbatata yootcha ya tsiku loyamba, nthochi zosapsetsa, malalanje. Nkhuku yokazinga idyeni tsiku lomwelo. Chilichonse cha mayonesi ayi. Thobwa mu botolo lotseka kutentha kumeneku limasasa nkufufuma, mukatsegula lisambitsa anthu oyandikana nawo. Kapu, supuni ndi kampeni kakang'ono. Mukafika ku Nkhata Bay lawani kondowole ndi nsomba ya batala ngati m'mimba mwakhazikika, koma kondowole wake pang'ono kaye, a ku Dedza simunazolowere.

Ndipo mafuta othamangitsa udzudzu musaiwale, pakati pa nyanja udzudzu ndi wochepa koma pamadoko usiku ndi komwe mukagone ulipo wambiri. Mukabwerako thupi likatentha pitani mukayezetse malungo, osangoti ndi kutopa kwa ulendo.

FUNSO: Netiweki imagwira? Ndingadalire Mpamba ndi Airtel Money? Wabizinesi, Mzuzu.

YANKHO: Pafupi ndi gombe imagwira, pakati imabwera nkupita. Tengani kashi yokwanira, ya tinoti tating'ono, wa boti ndi wonyamula katundu sakhala ndi chenji ya K5,000 ali m'madzi ofika mchiuno. Pawabanki yodzaza, masoketi ndi ochepa ofuna ndi ambiri. Likoma ndi Chizumulu ndi zathu koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, foni imatha kudumphira pa netiweki ya kutsidya nkukudyerani mayunitsi, ndiye zimitsani roaming. Mukafuna kuoloka kupita ku Cobue pa ngalawa za thanga zija, kumeneko ndi dziko lina, pasipoti ikhale mthumba.

FUNSO: Kuofesi tasonkherana anthu 8 tabwereka boti ya thanga ku Cape Maclear masiku atatu, tizigona momwemo. Kulongedza kwake nkofanana ndi kwa Ilala? Chemwali wa ku Namiwawa.

YANKHO: Chemwali, ofesi yanu ikulemba anthu ntchito? Nkofanana koma chepetsaninso ndi theka. Mu boti ya thanga malo osungira katundu ndi timabowo ta pansi pa mipando, chikwama chofewa chimapindika nkulowa, sutikesi ikhala pakati anthu nkumapunthwa nayo masiku atatu mpaka adane nanu. Zosambira ziwiri kuti china chikamauma muvale china, malaya a manja aatali awiri, kabudula, chitenje, juzi imodzi, chovala chimodzi chabwino cha zithunzi, basi. Mapegi a zovala tengani angapo, chilichonse choyanika popanda pegi ndi mphatso ya kwa nsomba. Za wigi ndinene mosapsatira, lukani tsitsi kapena mangani duku, thanga limayenda ndi mphepo ndipo mphepo yomweyo simasankha.

Boti ya thanga imapendekeka ikamathamanga, ndiye chilichonse chosamangidwa chimatsetsereka, foni, magalasi, kapu ya tiyi. Foni igulireni kathumba kosalowa madzi ka chingwe cha mkhosi. Ambiri oyendetsa amafuna muziyenda opanda nsapato kapena ndi za pansi poyera zosasiya mizere, afunseni. Pansi pa thanga pali mtengo wopingasa womwe umadumpha kuchoka mbali ina kupita ina boti ikamatembenuka, woyendetsa akakuwa kuti weramani, weramani kaye mafunso pambuyo. Mphete ndi zibangili vulani ngati mukufuna kuthandiza kukoka zingwe. Madzi abwino mu boti ndi owerengeka, kusamba kwake ndi kodumphira mnyanja, ndiye mabotolo asanu ndi awiri a zodzola aja atsale.

Musananyamuke werengani ma life jacket ndi maso anu, akhale okwana anthu nonse ndi oyendetsa omwe, ndipo yesani kuvala lanu. Amene sadziwa kusambira avale nthawi zonse boti ikamayenda, asachite manyazi. Nyanja iyi malo ena ndi yakuya mamita opitirira 700, ndipo mu 1946 inameza sitima yathunthu ya Vipya kumpoto uko, anthu oposa 140 anapita. Woyendetsa akati lero sitichoka chifukwa cha mphepo musamukakamize poti mwalipira.

Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ndiye konzani ndalama yolowera, ndipo zinyalala zanu zibwerere nanu mthumba. Ngati mungapeze magalasi oonera pansi pa madzi tengani, nsomba za mbuna za buluu ndi zachikasu zimabwera mpaka pa zala pa miyala ya ku Thumbi, mwina muonanso nkhwazi ikutola nsomba pamadzi. Chomwe anthu sakonda kumva ndi likodzo. Limapezeka kwambiri m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi mabango momwe mumakhala nkhono, kuphatikizapo gombe la ku Chembe. Palibe choti mulongedze choliletsa, koma pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani kuchipatala mukanene kuti munasambira kunyanja, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, osangogula nkumeza mwa mphekesera.

FUNSO: Malume ndili ku Joni, abwana andipatsa tikiti ya sitima yaikulu ija ya MSC yochokera ku Durban kupita ku zilumba za Mozambique. Ndinyamule zomwezo? Mlongo wanu, Randburg.

YANKHO: Mlongo, inu ndiye sutikesi ya matayala ya mayi a ku Area 25 ija ikukuyenerani, imeneyo ndi hotela yoyandama. Koma sutikesi amailandira padoko nkudzaibweretsa kuchipinda patapita maola, ndiye mankhwala, chosambira, sunscreen ndi chaja zikhale mkachikwama ka mmanja. Ayironi ndi mowa wanu salola kulowa nazo. Tengani chovala chimodzi cha ulemu cha chakudya cha madzulo, chitenje chosokedwa bwino chimawagonjetsa onse. Potsikira ku Portuguese Island mumakwera timaboti, munyowa ndithu, ndipo madzi ake ndi amchere, amawononga foni ndi zipi kuposa a kwathu, tsukani zinthu ndi madzi a pampopi mukabwerera. Koma musanaganize za zovala tsegulani pasipoti. Sitima ija ikachoka pa Durban mwatuluka mu South Africa, a imigireshoni amadinda, ndiye ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha kapena pemiti yanu inatha kale, tikiti ya abwanayo ikhoza kukutsekerani chitseko chobwerera ku Randburg. Onani madeti lero lomwe.

FUNSO: Mnzanga akuti ku Nkhata Bay nyanja imafuka utsi, akunama eti? Mwana wa Fomu 2, Mchinji.

YANKHO: Sakunama kwenikweni mwana wanga, koma si utsi, ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timaswa pansi pa madzi nkutuluka tonse pamodzi mamiliyoni, patali timaoneka ngati nyumba ikupsa pakati pa nyanja. Sitiluma. Mtambo wake ukadutsa pa sitima timalowa m'maso, mphuno, mu tiyi, ndiye chitenje chija ndinanena chimagwiranso ntchito apa, dziphimbe kumutu utseke pakamwa mpaka tidutse. Anthu a mmbali mwa nyanja kumpoto amatikola ndi malichero, nkutiumba timikate, nkuphika ndiwo. Ukadzapita udzalawe, ine ndinadya kawiri, kachiwiriko ndinachita kupempha ndekha.